Giyabokosi siyimba ng'oma

Pa ziwalo zonse za galimoto, zilipo zina zodziwa kudandaula ndipo zilipo zina zimene zimavutika mwakachetechete. Petulo akatsala pang'ono, muvi wa patsogolo pa dalaivala umagwa ndipo aliyense amauona. Tayala likaphwa, ngakhale mwana wodutsa m'mbali mwa msewu amakukodolani n'kukulozerani. Injini nayo ili ndi kanyali kake kochenjeza, komanso kachitsulo kosolola komwe dalaivala amayezera oyilo m'mawa asanalize galimoto. Koma pansi pa mipando pali bokosi lina lomwe lilibe nyali, lilibe muvi, ndipo anthu ambiri amayendetsa galimoto zaka ndi zaka osaliona n'komwe. Bokosi limeneli ndi giyabokosi. Akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo ine ndimaona ngati mwambiwu adaunenera giyabokosi, chifukwa tsiku limene yayamba kulira ndiye kuti za m'kati zidadyana kalekale.

Ine ndine wogwira ntchito m'boma ndipo tsiku ndi tsiku ndimakhalira mafayilo, makalata ndi zidindo. Umakaniko sindidaupitire kusukulu. Komabe kwa zaka zoposa 10 tsopano ndakhala ndikusamala galimoto imodzi yakale imene malemu bambo anga adatisiyira, ndipo pa zonse zimene ndimaichitira, chimene sindilola kuti chidumphe ndi kuyang'ana oyilo wa m'giyabokosi mwezi ndi mwezi, ndi kumusintha kamodzi pa chaka. Anzanga a kuofesi amandiseka kuti Loweruka, iwo akamapita ku mpira kapena ku zinkhoswe, ine ndimakhala nditagona chagada pa chiguduli kunsi kwa chiphapha. Ndikufuna ndifotokoze mmene ntchitoyi imagwiridwira, komanso chifukwa chake kwa ife a pabanja pathu si nkhani yamasewera.

Galimotoyi ndi Land Rover ya mtundu wa Series III, yaitali ija, ya mainchesi 109 kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo. Idapangidwa m'chaka cha 1978 ku Solihull, m'dziko la England. Land Rover yoyamba idaonetsedwa ku Amsterdam mu 1948, ndipo mtundu wa Series III udapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Injini ya yathuyi ndi ya petulo, ya malita 2.25. Thupi lake ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake silichita dzimbiri ngakhale utoto udasuluka kale. Amene adakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akuzikumbukira bwino galimotozi. Alangizi a zaulimi, a zaumoyo, apolisi, a zankhalango ndi azimishoni ankafika nazo kumidzi komwe galimoto zina zinkabwerera panjira.

Bambo anga adali dalaivala m'boma kwa zaka 24. Atapuma pa ntchito mu 1994 adatenga gawo la ndalama zawo zopumira n'kukagula galimotoyi pa okushoni ya galimoto zimene zidaonedwa kuti zatha ntchito. Anthu adawanena kuti ataya ndalama m'madzi. Iwo adangoyankha kuti galimotoyo akuidziwa, popeza adaiyendetsa okha zaka zambiri, ndipo giyabokosi yake idali isanatsegulidwepo. Kwathu ndi m'mapiri a ku Ntcheu, chakufupi ndi malire a Mozambique, ndipo njira yolowera m'mudzi mwathu ndi yadothi, yodutsa mitsinje iwiri yopanda milatho. Kuyambira Disembala mpaka Malichi galimoto zing'onozing'ono sizifikako. Land Rover imeneyi yanyamula mbatata ya kachewere, feteleza, akwati, odwala ndi maliro omwe. Bambo atatisiya mu 2012, amayi adandipatsa kiyi pamodzi ndi kabuku kachikuto cholimba momwe malemuwo ankalembamo chilichonse chimene aichitira galimotoyo.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa oyiloyu, ayenera kudziwa zimene zimachitika m'bokosimo. Muli timawilo tachitsulo ta mano, tina tating'ono tina tokulirapo, timene timalumana n'kumazungulira. Mphamvu yonse ya injini imadutsa pa mano ochepa okha amene alumana pa nthawiyo. Taganizirani galimoto yodzaza matumba a mbatata ikukwera phiri pa giya yoyamba: kulemera konseko kukukankhidwa ndi kamalo kosaposa chikhadabo. Chimene chimaletsa chitsulo kudya chinzake ndi oyilo wopyapyala kuposa pepala amene amakhala pakati pa manowo. Mu injini muli pampu yokankha oyilo ndiponso sefa yomusefa. M'giyabokosi yathu mulibe zonsezi. Timawilo tam'munsi timamira mu oyilo n'kumamuwaza m'mwamba, monga momwe tayala la njinga limawazira madzi likadutsa pachithaphwi. Oyilo akatsika, timawilo sitimufika bwino, ndipo mabeyaring'i a m'mwamba amayamba kuzungulira ali ouma.

Land Rover ili ndi mabokosi awiri ogundana. Loyamba ndi la magiya anayi opita kutsogolo ndi imodzi yobwerera m'mbuyo, ndipo limalowa malita 1.5 okha. Lachiwiri, limene amakaniko amalitcha transfer, ndilo limagawa mphamvu kupita ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ndi lija la ndodo ziwiri, ya mutu wachikasu ndi ya mutu wofiira, ndipo limalowa malita 2.5. Onse pamodzi ndi malita 4, osadzaza n'komwe chigubu cha mafuta ophikira cha malita 5. Bokosi lililonse lili ndi pothirira pake ndi pokhuthulira pake. Pakati pa awiriwa pali kamphira kotchinga oyilo, kamene amakaniko amati silu. Kamphiraka kakatha, oyilo amachoka m'bokosi loyamba n'kumakalowa m'lachiwiri. Pansi sipadontha kanthu, kotero munthu amene amangoyang'ana pamene pagona galimoto amaganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho bokosi la magiya likuuma.

Kuyang'ana oyilo sikulira zida zambiri: sipanala, kansanza, tochi ndi chala basi. Galimoto iyenera kuima pamalo athyathyathya, chifukwa ikapendekeka muyezo umanama. Injini ikhale yozima, ndipo papite kanthawi kuti oyilo yense atsikire pansi. Ndisanalowe kunsi ndimaika kiyi m'thumba, n'kutchinga matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Izi n'zofunika kwambiri pa Land Rover, popeza handibuleki yake sigwira matayala koma imagwira chitsulo chozungulira chochokera ku bokosi lachiwiri lija. Mwayi wake ngwakuti galimotoyi ndi yaitali msinkhu, munthu amakwana kunsi kwake popanda jeke. Amene galimoto zawo n'zazifupi asayerekeze kulowa kunsi galimoto itangokhala pa jeke yokha. Jeke imaphwa osatsanzika.

M'mbali mwa giyabokosi, chapakati pa msinkhu wake, muli chitsekerero chachitsulo chomanga ngati bawuti. Bowo lakelo ndi lothirira ndipo ndilonso muyezo. Ndimayamba ndapukuta matope onse ozungulira, kuopa kuti kamchenga kangagwere m'kati, kenaka n'kumasula. Oyilo wokwanira amakhala atafika pakamwa penipeni pa bowolo, mwina n'kudontha pang'ono. Akapanda kuoneka ndimalowetsa chala chaching'ono n'kuchipinda cholozetsa pansi. Tsiku loyamba kundionetsa zimenezi, ndili ndi zaka 14, bambo adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe, azungu sadaikeko muvi kuno. Muvi wake ndi chala chakochi. Chikatuluka chouma usalize injini." Ndikatha apo ndimapita kumbuyo kwa bokosi lachiwiri n'kuchita chimodzimodzi. Ndikapeza kuti ilo likusefukira pamene loyamba laperewera, ndimadziwa kuti silu ya pakati ija yatopa.

Nanga oyilo wake ndi uti? Apa ndi pamene ambiri amaonongera galimoto zakale ali ndi mtima wabwino. Buku la galimotoyi limati mabokosi onse awiri amafuna oyilo wa magiya wa nambala 90, wa zilembo EP. Masiku ano m'masitolo mumapezeka kwambiri wolembedwa 80W-90, ndipo ameneyu amagwira bwino ntchito. Nambalayi isakupusitseni kuti oyilo wa 90 ndi wokhuthala kawiri kuposa wa injini wa 40 kapena 50. Miyezo ya mitundu iwiriyi ndi yosiyana, ndipo kukhuthala kwawo sikusiyana kwenikweni. Chosiyana ndi mankhwala amene amasakanizamo. Mu oyilo wa magiya muli sulufule, amene amamupatsa fungo lija la ngati mazira owola, ndipo ntchito yake ndi kukuta mano achitsulo kuti asamatirane pamene akanikizana kwambiri n'kutentha.

Pa chigubu pamakhalanso zilembo zina zing'onozing'ono, GL-4 kapena GL-5, zimene ndi miyezo ya bungwe la American Petroleum Institute. Munthu angaganize kuti 5 aposa 4, monga momwe sitandade 5 iposera sitandade 4. Si choncho ayi. GL-5 ali ndi mankhwala aja ochuluka chifukwa adamukonzera difu, mphika wa magiya uja wa pakati pa matayala, momwe mano amakhulana mwamphamvu. Koma m'giyabokosi ya Series III muli mphete zamkuwa zimene zimathandiza giya kulowa mosakukuta. Mphetezi zimagwira ntchito ngati timabuleki: zimakhula chitsulo kuti liwiro la mbali ziwiri lifanane giya isanalowe. Oyilo woterera mopitirira amazilepheretsa kugwira, ndipo mitundu ina ya GL-5 ikatentha imadya mkuwawo pang'onopang'ono. Opanga oyilo ambiri adachepetsa vutoli, ndipo ena amalemba pachigubu kuti wawo ndi woyenera pa miyezo yonse iwiri, koma ine ndikapeza GL-4 sindiyang'ananso kwina. Land Rover zakale kuposa yathu, za Series IIA, zidalibe mphetezi pa giya yoyamba ndi yachiwiri, n'chifukwa chake madalaivala a msinkhu wa bambo ankaponda kilatchi kawiri posintha giya.

Tisaiwale kuti galimoto zakale sizifanana. Peugeot 404, imene idatchuka kwambiri m'misewu ya mu Africa muno, giyabokosi yake imafuna oyilo wa injini. Mini, imene idatuluka mu 1959, injini ndi giyabokosi zimamwera m'chikho chimodzi, oyilo yemweyo. Land Rover zambiri za magiya asanu zimene zidabwera pambuyo pa yathu zimafuna oyilo wopyapyala wofiira uja wa galimoto za otomatiki. Choncho mawu oti oyilo ndi oyilo basi, amene timawamva kawirikawiri, apha magiyabokosi ambiri. Safunsa adadya phula. Funsani buku la galimoto yanu. Ine ndimapewanso oyilo wa m'mabotolo a zakumwa amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Ena mwa ogulitsawo ndi okhulupirika, koma botolo lopanda dzina siliuza munthu ngati muli oyilo wa magiya, wa injini, kapena wakale wosefedwa pa nsanza. Ndimagula chigubu chomata ndipo ndimachimatula ndekha.

Kusintha oyilo ndimachita kumapeto kwa Epulo, mvula ikatha. Ndimayamba ndayendetsa galimoto makilomita 10 kapena 15 kuti oyilo afunde. Wozizira amatuluka monyinyirika ngati uchi wa mu Juni, n'kusiya zinyalala pansi pa bokosi, pamene wofunda amatuluka nazo limodzi. Tsono pali lamulo limodzi limene bambo ankalibwereza ngati pemphero: yamba wamasula chothirira, chokhuthulira pambuyo. Chifukwa chake n'chapafupi. Zitsekerero za galimoto zakale zimauma, ndipo zina mitu yake idakulungika ndi masipanala osayenera. Munthu akakhuthula oyilo yense kenaka n'kupeza kuti chothirira chakana kumasuka, watsala ndi galimoto imene sangaithire oyilo ndipo sangaiyendetse kupita nayo kugalaja.

Chothirira chikamasuka ndimatchera beseni loyera bwino, n'kumasula chitsekerero cha pansi penipeni pa bokosi. Bokosi lililonse ndimalikhuthulira m'beseni lakelake ndipo ndimalisiya lidonthe kwa theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi imeneyi ndiyo ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi mpata wokhawo umene giyabokosi imamuuza munthu za umoyo wake. Ndimatulutsa beseni padzuwa n'kumalipendeketsa uku ndi uku. Oyilo wabwino amatuluka wofiirira, woderako pang'ono kuposa mmene adalowera. Akatuluka wakuda bii, wonunkha chopserera, ndiye kuti adatenthedwa, mwina chifukwa adali wochepa. Akamanyezimira ngati muli fumbi la golide, mphete zamkuwa zija zikudyeka. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, mwalowa madzi.

Ndili ndi maginito amene ndidachotsa ku sipika ya wailesi yakufa. Ndimawamanga ku waya n'kuwayendetsa pansi pa beseni. Mkuwa sukakamira ku maginito koma chitsulo chimakakamira, kotero ndimadziwa chimene chikutha. Fumbi lachitsulo losalala pakati pa zala ngati mwaye si lodetsa nkhawa, ndipo galimoto ya zaka pafupifupi 50 singalephere kukhala nalo. Koma tizidutswa tolasa, tokhala ngati nyenyeswa za mpunga, ndi uthenga woti dzino lina kapena beyaring'i ina yayamba kuswekera m'kati. Zikafika pamenepo chala ndi sipanala zanga zafika pothera, ndipo ndi nthawi yoitana makaniko giyabokosi isanafe yonse.

Kuthira oyilo watsopano ndiko kumayesa mtima. Bowo lili cham'mbali, pamalo opanikiza, moti sungapendeketsepo chigubu. Ena ali ndi kapampu kapamanja. Ine ndimachotsa mpando wapakati wa kutsogolo, n'kutsegula kachitseko ka pansi pake, n'kutsitsa paipi yapulasitiki imene kumwamba kwake ndaikako fanelo. Chigubu ndimachisiya padzuwa kuyambira m'mawa kuti oyilo apyapyale. Mwana wanga wamkazi amathira kumwamba pang'onopang'ono, ine ndili kunsi ndi tochi. Oyilo akangoyamba kubwerera pabowo ndimafuula kuti basi, n'kudikira kuti wopyolera adonthe. Kuwonjezera dala poganiza kuti wochuluka ndiye wabwino n'kuononga, chifukwa oyiloyo amachita thovu, amatentha, n'kuyamba kukankha masilu. Pa Land Rover wotulukira kumbuyo amakathera pa handibuleki ija, ndipo ikanyowa ndi oyilo imasiya kugwira.

Pa chitsekerero cha pansi ndimaika kamphete katsopano kamkuwa kuti pasadonthe, ndipo sindimanga ndi mphamvu zanga zonse. Bokosilo ndi la aluminiyamu, wofewa kuposa chitsulo, ndipo mizere ya m'bowo yogwira chitsekerero ikadyeka ndiye kuti ntchito yaing'ono yabala yaikulu. Oyilo wakale ndimamuthira m'chigubu chotseka. Ambiri amamupempha, ena kuti apake mitengo ya khola poopa chiswe, ena kuti apake nkhumba kapena agalu a mphere. Za ziweto ndimakana, chifukwa oyilo wogwira kale ntchito ali ndi poizoni ndipo ziweto zimadzinyambita. Sindimutayanso pansi, popeza amalowa m'nthaka mpaka kukaipitsa madzi a pachitsime. Ndimakamusiya kugalaja ina imene imasonkhanitsa oyilo wotere. Pomaliza ndimalemba m'kabuku kaja tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi zimene ndaona m'beseni.

Wina angafunse kuti nkhawa yonseyi n'njachiyani. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wakhala akunena kuti galimotoyi tiigulitse, tiwonjezere ndalama, tigule kagalimoto ka ku Japan ngati timene tadzaza m'matauni mwathu, tobwera kudzera ku Dar es Salaam. Mfundo zake si zopusa. Land Rover imamwa petulo kwambiri, sithamanga, ndipo zipangizo zake zambiri n'zoitanitsa ku South Africa kapena ku Britain. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zonsezi idakwera koopsa. Kukonza giyabokosi yonse kungadye malipiro anga a miyezi ingapo, chonsecho ndili ndi ana a sukulu. Titakumana kumudzi pa Khirisimasi ya chaka chimenecho, amayi adatimvetsera tonse mpaka tidatha, kenaka adati, "Ana inu, kagalimoto kanuko kadzafika pakhomo pano mu Febuluwale? Mukagulitsa iyi mundiguliretu machira." Tidagwirizana kuti galimoto ikhale, koma tsiku limene idzafune ndalama zambiri idzapita ndipo palibe adzasonkhe. Kunena mwachidule, chimene chaima pakati pa amayi anga ndi machira ndi malita 4 a oyilo.

Miyezi ya mvula galimotoyi imakhala kumudzi, pansi pa chisakasa kuseri kwa nyumba ya amayi, ndipo amaiyendetsa ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, amene ali pa chikamwini komweko. Ine ndimapitako kamodzi pa mwezi pa minibasi, n'kumalizitsa ulendo pa njinga yamoto ya kabaza. Mu Febuluwale 2024 nditafika ndidapeza galimoto yotsukidwa bwino, matayala opakidwa mpaka polishi. Alamu adandilandira ndi nkhani yoti masiku asanu apitawo adaoloka mtsinje utadzaza, usiku, atanyamula mayi wina woyembekezera. Madzi adafika m'zitseko koma injini sidazime. Mayiyo adakachira bwino kuchipatala, mwana wamwamuna. Mudzi wonse unkawatama alamu, ndipo adayeneradi kutamidwa.

M'mawa mwake ndidayala chiguduli changa. Nditamasula chothirira cha bokosi lachiwiri, chimene chidatuluka chidali ngati thobwa. Giyabokosi imene yayenda ulendo imatentha, ndipo ikamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umafinyika, n'kukoka madzi kudzera m'timabowo topumira ndi m'masilu otopa. Madzi akasakanizika ndi oyilo, oyiloyo amasiya kuteteza mano, ndipo galimoto ikaima masiku angapo dzimbiri limayamba kugwira mabeyaring'i.

"Alamu, tabwerani kuno mudzaone," ndidawaitana.

Adagwada n'kusuzumira m'beseni. "Komatu galimotoyi ikuyenda bwinobwino, alamu. Dzulo lomweli ndinapita nayo kuchigayo."

"Ikuyendadi, ndipo ikadayendabe mwina mpaka Pasaka. Kenaka ikadaima pakati pa phiri, mwina muli wodwala m'katimo."

Adakhala chete nkhope itagwa. Madzulo mchemwali wanga adandipatula. "Achimwene, bambo a kunyumbawa akuona ngati mukuti aononga galimoto ya malemu. Kodi akadamusiya mayi uja afere m'mudzi muno?"

Ndidamuyankha kuti bambo adaigulira zomwezo galimotoyo, ndipo mtsinje ukadzadzazanso usiku wina, alamu adzaolokenso. Pempho langa lidali limodzi lokha: akaoloka madzi opitirira theka la tayala, m'mawa mwake azimasula zitsekerero n'kuona, ndipo akapeza thobwa asamadikire ine. Kutacha tidagwira ntchitoyo awiri. M'chipinda cha amayi ndimasunga zigubu ziwiri za malita 5, ndipo tsikulo zidangotsala pang'ono kutheratu, popeza tidakhuthula mabokosi onse awiri, madifu onse awiri ndi timiphika ta pamene matayala akutsogolo amakhotera, zonse pamodzi malita oposa 9. Alamu ndiwo adagona kunsi, ine ndili kumwamba ndi fanelo. Kuyambira tsiku limenelo sipanala imodzi imakhala kwa iwo, ndipo m'kabuku kaja, mmene mudali zolemba za bambo ndi zanga zokha, mudayamba kuoneka zolemba za dzanja lachitatu.

Ku ntchito ndimaona mbali ina ya nkhani yomweyi. Kuseri kwa maofesi ambiri m'dziko muno, a boma, a makampani ndi a mabungwe omwe, kuli galimoto zokhala pa miyala, udzu utamera mpaka m'maboneti. Zambiri mwa izo n'zazing'ono kwa yathu ndi zaka 30, ndipo sizidagunde mtengo kapena kugubuduzika. Zidafa ndi tinthu tating'ono timene padalibe wotiyang'ana. Galimoto yatsopano ikabwera timaimba nyimbo, timajambulitsa, mlendo wolemekezeka amapereka kiyi. Kuthira oyilo kulibe mwambo wotero. Ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa ndi cha kukonza, chifukwa palibe amene amadandaula tsiku lomwelo. Ndidaonapo kalata yopempha ndalama za sevisi ikuyenda tebulo ndi tebulo mpaka idasanduka kalata yopempha galimoto ina. Mijigo ya m'midzi, madenga a sukulu ndi milatho yathu zimafa imfa yomweyi.

Chimene chimandikhudza ndikamawerenga masamba oyambirira a kabuku ka bambo n'chakuti adayamba kukalemba galimotoyi ikadali ya boma. Padalibe amene adawauza kuti tsiku lina idzakhala yawo. Ankagona kunsi kwake m'mawa asananyamuke ulendo, mabwana akudikira, ndipo ena ankawanena kuti amachedwetsa ntchito. Yankho lawo lidali lakuti galimoto ya boma idagulidwa ndi msonkho wa amayi awo, ndipo sangaione ikuuma iwo ali ndi chala. Tsiku la okushoni lija, pa galimoto zonse zimene zidandandalikidwa, iwo okha ndiwo ankadziwa imene idali ndi moyo m'kati.

Kwa inu amene muli ndi galimoto yakale, kaya ndi Land Rover, Peugeot, Datsun kapena Volkswagen, pezani buku lake mudziwe oyilo amene imafuna ndi kuchuluka kwake. Dziwani pamene pali chothirira ndi chokhuthulira, ndipo kamodzi pa mwezi yalani chiguduli mulowe kunsi. Kuyang'ana ndi ntchito ya mphindi 20 zokha. Mukapereka galimoto kugalaja, pemphani kuti akuonetseni oyilo amene watuluka ndi chigubu cha amene walowa, ndipo lembani penapake tsiku lake. Giyabokosi ya Land Rover yathu sinatsegulidwebe chichokereni ku Solihull, ndipo amayi akadali kugona podziwa kuti kuseri kwa nyumba kuli chowaolotsa mtsinje. M'kabuku ka bambo mwatsala masamba 6 okha, ndipo ndagula kale kena kachikuto cholimba.